Phewa Langa, Apongozi Anga ndi Chala cha ku Japani

Ndinatayipa makalata mu ofesi ina pa boma la Lundazi kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zimene ndinatuluka nazo ndi phewa lokhota ndi pakamwa poipa. Pakamwapo ndinabadwa napo, sindingawanamizire. Koma phewali ndi la boma ndithu, angabwere kudzalitenga tsiku lililonse.

Tayipi yanga inali yachitsulo chokhachokha, yolemera moti poisuntha amuna awiri ankayamba akambirana kaye. Kuti chilembo chioneke pa pepala lachinayi, pansi pa makaboni atatu, unkayenera kumenya batani ngati lakutukwanira mayi. Mpando ndiye unali wa patebulo lodyera la mzungu wina amene anachoka ine ndisanabadwe, waufupi, moti ndinkatayipa mapewa ali m'makutu. Khosi linayamba kuuma. Kenako ululu unatsikira kuphewa lamanja, chakumbuyo, n'kumanga pamenepo kamfundo kolimba ngati nthudza yosapsa. Pofika m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, zala ziwiri zakumapeto za dzanja lamanja zinkachita dzanzi nthawi ya tiyi isanakwane. Ndinkangotayipa ndi zitatu zotsalazo, zinazo zikungoperekeza.

Sindinauze munthu aliyense muofesimo. Inali nthawi ija boma litasintha, atsopanowo n'kutulukira kuti antchito a boma tachuluka ngati nyerere. Aliyense ankadziwa kuti kulikulu akufuna mayina a anthu oti adulidwe, ndipo wolemba mayinawo pa ofesi yathu ndi bwana wathu. Mawu oti mndandanda tinkawanena chonong'ona. Nanga wotayipa wa zala zakufa akanatsala bwanji? Ine ndinali ndi ana atatu, ndipo mwamuna wanga ankaphunzitsa kusukulu ya kumudzi ku Magodi, n'kumabwera kumapeto kwa mwezi kudzadya ndi kudandaula za msewu. Ntchito imeneyo ikanatha, ana anga akanabwerera kumudzi kukaweta mbuzi za agogo awo.

Muofesi momwemo munali apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga. Anali mesenjala, ndipo anayamba umesenjalawo ine ndisanamere mano. Ankavala yunifomu ya kaki yosita mpaka kuima yokha, kabudula, masokosi aatali ofika m'maondo ndi nsapato zakuda zopolisha. Njinga yawo ankaipukuta kawiri patsiku, ndipo ndikukhulupirira kuti inkasamba kuposa ana ena. Ndi iwo amene anamva kuti pakufunika wotayipa, n'kunditumizira uthenga kudzera mwa apongozi aakazi. Ndinkawatchula kuti adada, monga amanenera kwawoko.

Tsono kwawo kwa mwamuna wanga, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sadya nawo pamodzi, sawapatsira chinthu m'manja, ndipo kukhudzana ndiye usayese n'komwe, ngakhale nsonga ya chitenje. Mukakumana panjira, mkamwana amapatuka n'kugwada, moni n'kuperekera kutchire. Kwathu nakonso ulemu umenewu ulipo, koma kwa anthu awa unali wothina kwambiri. Ndiye tangoganizani anthu awiri otere, boma n'kuwaika m'nyumba imodzi kuyambira eyiti koloko mpaka faifi, mmodzi wolemba makalata, wina wowanyamula.

Tinapeza njira yake. Pakati pa chipinda changa ndi khonde panali zenera lopanda galasi. Adada akabwera ndi zoti nditayipe ankaziika pazenerapo, n'kutsokomola kawiri, n'kukakhala pa benchi yawo panja. Ine ndikamaliza ndinkaika makalata pomwepo n'kugogoda ndi rula. Pakakhala zofunika pakamwa, tinkadzera mwa mnzanga wosunga mafayilo, mayi wamkulu thupi, wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, amene tebulo lake linali moyang'anana ndi langa.

"Auzeni amama kuti bwana akufuna makope atatu," adada ankatero ataima pakhomo, ine ndili pompo mapazi awiri okha.

"Auzeni adada kuti ndamva."

Mnzangayo sankavutika n'kubwereza, ankangopitiriza kudya mtedza wake. Tsiku limene sanabwere kuntchito, adada ankauza kabati ya mafayilo. Kabati imeneyo inamva nkhani zambiri pa moyo wake. Tinakhala choncho zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ine ndinkawaseka adadawo m'seri osawasiyirako. Ndinkayeserera katsokomoledwe kawo, kayendedwe kawo kowongoka ngati akupita kukalandira mendulo. Ndinkauza mnzanga uja kuti nditadulidwa mutu lero, adada angadzazindikire sabata yamawa, ndiponso chifukwa choti makalata achedwa.

Bwana wathu anali mnyamata wa m'matauni a kumigodi, wa tayi ndi kandevu kometa bwino. Lundazi ankaiona ngati chilango chimene anapatsidwa popanda mlandu. Chaka china mwayi unamugwera, anamutumiza ku Japani kukaphunzira za kayendetsedwe ka maofesi kwa masabata asanu ndi limodzi. Masabata sikisi okha, abale! Koma anabwerako akuwerama popereka moni, ngati anabadwira komweko. Munthu amene kale sankatha kupeza sitepula yake popanda kuitana anthu atatu, tsopano mawu ake onse ankayamba ndi "ku Japani". Ku Japani pepala siligona patebulo. Ku Japani munthu sayasamula pantchito. Ku Japani sitima sichedwa ngakhale mphindi imodzi. Izi ankatiuza ife a ku Lundazi, kumene sitima sitinaionepo, ndipo minibasi ya ku Chipata imanyamuka ikadzaza basi.

Anabweranso ndi chipepala chachikulu, n'kuchikhoma pakhoma pafupi ndi kalendala. Panali chithunzi cha mwamuna wosavala, kutsogolo ndi kumbuyo, thupi lonse lili madontho madontho. Dalaivala wathu anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kodi ku Japani nakonso amatema mphini?" Mnzanga wa mafayilo anangotsegula dirowa n'kuyamba kufunafuna sizasi. Mawa lake tinapeza mwamuna wa pachithunzi uja atavala kabudula wodulidwa ku envelopu ya boma, womata ndi guluu.

Bwana anatisonkhanitsa n'kutifotokozera. Anati zimenezi ndi shiyatsu. Anati munthu wokhala padesiki tsiku lonse minofu yake ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, ndipo mankhwala ake si mapilitsi ayi, koma chala chachikulu. Susisita, sutikita ngati mmene timathowera mwana. Umapeza dontho lake, n'kukanikiza pang'onopang'ono ndi kulemera kwa thupi lako, mnzakoyo akupumira kunja, n'kuwerenga mpaka teni, kenako n'kusiya. Anationetsa madontho ake: pankhongo pamene mutu umathera, pamwamba pa phewa, m'mbali mwa fupa la kumbuyo kwa phewa, ndiponso pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

Anayesera pa kalaliki wamkulu, bambo wa khosi la mizere itatu. Chala chitangolowa, mkuluyo anakuwa kuti "Mayo ine!" mpaka mbalame zinabalalika mu mtengo wa mango panja. Bwana atafunsa kuti mukumva bwanji, anapukuta misozi n'kunena kuti wapepukidwa ngati mwana. Nanga akananena chiyani kwa munthu wolemba mndandanda? Kuyambira tsiku limenelo ofesi yonse inayamba kuchira. Wina mutu unasiya, wina bondo. Dalaivala anachitira umboni kuti dzino limene linamuvuta chaka chathunthu linangoti zii atamudina pankhongo. Masana omwewo ndinamuona kuseri kwa galaja atagwira tsaya, akubuula.

Ndisaname, ine ndinayesa mobisa. Ndinadzidina pankhongo ndi pakati pa zala, ndipo ndinamvadi kusintha pang'ono, zimene zinandikwiyitsa chifukwa sindinkafuna kuti mnyamata ameneyo akhale wolondola pa chilichonse. Koma kamfundo kanga kenikeni kanali kumbuyo, kumene dzanja langa silinkafika. Mwamuna wanga atabwera kumapeto kwa mwezi ndinamupempha kuti andidine. Anadina kawiri, pamalo olakwika, n'kunena kuti chala chikumuwawa chifukwa cha choko. Kenako anafunsa ngati ndiwo zapsa.

Patapita masabata awiri bwana analengeza kuti kudzidina wekha sikukwanira. Kuyambira Lolemba, kawiri pa sabata nthawi ya tiyi isanakwane, tizikhala awiriawiri n'kumadinana mapewa. Pamenepo anayesako nzeru, anati amuna okhaokha, akazi okhaokha. Koma akazi tinalipo atatu, amuna asanu ndi awiri. Mwanjira iliyonse mkazi mmodzi ndi mwamuna mmodzi akanatsala.

Lolemba tinandandalika mipando pakhonde. Bwana anatenga buku limene tinkasainamo m'mawa n'kuyamba kuitana mayina awiriawiri. Mnzanga wa mafayilo anamupatsa mtsikana wa pa telefoni. Amuna anatha awiriawiri. Atafika kumapeto anamwetulira ngati wathetsa samu yovuta.

"Apa ndiye palibe vuto," anatero. "Dzina limodzi. Madala, inu ndi mwana wanu."

Ine ndinkasaina ndi dzina la bambo la mwamuna wanga, lomwenso ndi la adada, ndipo bwana ankamva adada akunena kuti "mwana wathu" akamakamba za ine. Zaka zitatu ali nafe, akuona munthu wamkulu akulankhula ndi kabati, sanadzifunsepo kuti chikuchitika n'chiyani. Ankangoti ndi ukalamba.

Kalaliki wamkulu anayamba kuyang'ana zikhadabo zake. Dalaivala anakumbukira mwadzidzidzi kuti tayala likufunika mpweya, koma analephera kunyamuka. Mnzanga wa mafayilo ndiye anadzuka, n'kupita pafupi ndi bwana, manja atawapinda mwaulemu.

"Pepani bwana, awa si bambo ndi mwana. Awa ndi apongozi."

"Ndiye?"

"Sakhudzana, bwana. Mwambo wake."

Akanamuuza kumbali, awiri okha, mwina bwana akanaseka n'kusintha. Koma anauzidwa pamaso pa anthu khumi kuti zaka zitatu sakudziwa ofesi yake, iye wobwera ku Japani. Ndinaona khosi likumufufuma pamwamba pa tayi. Anatilalikira kwa theka la ola. Anati n'chifukwa chake dziko lino silitukuka. Anati anzathu akupanga magalimoto, ife tili kalikiliki kuthawana m'makonde. Anati ku Japani thupi ndi thupi basi. Ine mumtima ndinati, kodi ku Japaniko apongozi kulibe, anthu amakwatira mitengo?

"Amayi, khalani pampando. Madala, imani kumbuyo."

"Bwana, ine phewa silindipweteka," ndinatero. Nthawi imeneyo n'kuti likuyaka moto.

"Sindinafunse zimenezo."

Adada anali ataima kumapeto kwa khonde, chipewa m'manja, akuyang'ana njinga yawo. Sanasunthe. Inenso sindinasunthe. Bwana anatseka buku lija mwamphamvu.

"Chabwino. Ndikukupatsani mpaka Lachinayi. Koma dziwani kuti kulikulu akudikira mayina sabata ino, ndipo ofesi ino sisunga munthu wokana kusintha."

Masiku atatu amenewo sindinadye bwino. Ndinkadziwa chimene chingachitike adada atandigwira phewa. Nkhaniyo ikanafika ku Magodi dzuwa lisanalowe, chifukwa pa boma pathu njinga iliyonse inali wailesi. Apongozi aakazi akanamanga nsalu m'chiuno, azakhali akanasonkhana, ndipo ine ndikanakhala mkazi uja anagwidwa mapewa ndi apongozi ake masanasana pakhonde la boma, anthu akuwerenga mpaka teni. Dzina lotere silichoka ndi sopo. Koma kukana kunali kutaya ntchito. Ndinayeza ziwirizi, ndipo sindibisa, ndinasankha ntchito. Manyazi ndikanawasenza, ana ali kusukulu.

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti adada ankangopitiriza ngati palibe chachitika. Kutsokomola kawiri, mapepala pazenera, kubwerera pa benchi. Lachitatu masana ndinalephera kupirira. Ataima pakhomo ndi fayilo, ndinatembenukira kwa mnzanga uja n'kukweza mawu.

"Auzeni adada kuti mawa atsinzine n'kudina basi. Mphindi imodzi sipha munthu. Iwo ana awo anakula, ine anga akadali aang'ono. Ulemu umenewu adzukulu awo adzaudya ndi mchere?"

Mnzangayo mtedza unamuima pakhosi. Mkamwana salankhula choncho, ngakhale kudzera mwa munthu, ngakhale kudzera mwa kabati. Ndinaona nsapato zakuda zija zitaima pakhomo nthawi yaitali, osasuntha.

"Auzeni amama kuti ndamva," anatero adada, n'kuika fayilo pazenera.

Lachinayi ndinavala bulauzi, juzi pamwamba pake, n'kufundanso chitenje chopinda kawiri m'mapewa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkaganiza kuti nsalu zikachuluka, mwina mlandu ungachepe. Mipando itandandalikidwa, sindinadikire kuitanidwa. Ndinapita kukakhala, n'kuweramitsa mutu, thukuta likuyenderera kumsana. Anthu onse anadziwa kuti ndavomera, ndipo palibe anandiyang'ana.

Ndinamva nsapato zikubwera kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, n'kuima. Fungo la polishi ndi sitachi linandipeza. Zaka zonsezo anali asanaimepo pafupi nane chotero. Ndinatsinzina n'kuluma mano.

"Bwana," anatero adada pamwamba pa mutu wanga. "Mwanayu sanakane. Mwaona nokha, wakhala. Wokana ndine."

"Madala, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa, bwana. Manja awa anyamula makalata a boma kuyambira inu musanabadwe. Anyamula mipando, anyamula mbendera, anyamulanso masutikesi anu pobwera ku Japani. Koma phewa la mkamwana wanga sagwira. Mutandipatsa kalaliki wamkuluyu ndimudina mpaka alire, zimenezo n'zosavuta."

Wina anatsala pang'ono kuseka, n'kusandutsa chifuwa. Bwana anatsegula buku n'kuchotsa cholembera m'thumba.

"Chimodzi chokha, bwana," anapitiriza adada, mawu ali phee ngati akufunsa za sitampa. "Polemba musamale. Dzina la bambo tili nalo limodzi, mungasokonezenso ngati Lolemba lija. Mulembe ndi dzina langa loyamba lomwe, lonse."

Kenako nsapato zija zinabwerera ku benchi. Ine ndinatsala pampando nditafunda ngati wodwala malungo, popanda wondidina. Ndinamva mpumulo waukulu, ndipo mpumulowo ndi umene umandichititsa manyazi mpaka lero.

Mndandanda unabwera Lachisanu. Mukuganiza kuti anautayipa ndani? Wotayipa analipo mmodzi. Bwana anaubweretsa yekha m'manja, wolemba pamanja, n'kunena kuti ndi chinsinsi, makope anayi. Panali mayina awiri. Loyamba linali la mlonda wina amene ankagona kwambiri kuposa katundu amene ankalondera. Lachiwiri linali la adada, lonse monga anapemphera, ndipo pambali pake bwana analemba kuti wakalamba ndipo salandira njira zatsopano. Anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume bwinobwino, ndi phwando ndi zolankhula. Ndinalowetsa mapepala ndi makaboni, n'kumenya dzina la apongozi anga chilembo chimodzichimodzi, mwamphamvu, kuti lioneke mpaka pepala lomaliza. Sindinalakwitse ngakhale pamodzi.

Bwana atasaina, ndinamata envelopu, n'kuiika pazenera, n'kugogoda ndi rula. Nanga ndikanatani, makalata onse ankadzera pomwepo. Dzanja la kaki linatulukira n'kuitenga. Ndinamva belu la njinga likulowera ku positi ofesi.

Yankho la kulikulu silinachedwe. Zinthu zina boma limafulumira nazo modabwitsa. Tsiku lomaliza la adada, mnzanga wa mafayilo anali atapita kumaliro, kotero ndinali ndekha m'chipindamo. Chakumasana ndinamva kutsokomola kawiri. Nditayang'ana pazenera sindinaone fayilo. Panali chidindo chakale cha ofesi, cha chigwiriro chamtengo chobulungira, labala yake atasenda, mutu wake ataupala ndi galasi mpaka kusalala. Pansi pake panali kapepala. Adada anali atajambulapo munthu ndi pensulo, chakumbuyo, ngati wa pachithunzi cha bwana uja, koma wawoyu anamuveka diresi lalitali mpaka kumapazi ndi duku. Pa munthu yenseyo panali dontho limodzi lokha, kumbuyo kwa phewa lamanja, m'mbali mwa fupa. Pomwepo penipeni.

Nsapato zinaima pakhomo, zitaloza ku kabati.

"Auzeni amama kuti aziika ichi pakhoma, mutu wake uli pa dontholo, n'kutsamira. Aziwerenga mpaka teni monga ananenera bwana, akupumira kunja. Mnyamata uja nzeru za anthu alibe, koma za chalazi sananame. Ndayesa pa ine."

Ndinafunsa kabati kuti adada anadziwa bwanji, popeza sindinauze munthu.

"Auzeni kuti benchi yanga ili pansi pa zenera. Kale tayipi inkalira ngati mvula pa malata. Chaka chachitatu chino ikumatsimphina ikafika teni koloko. Ndiponso akatambasula dzanja kuika makalata pazenera, amaikira lamanzere."

Ndinkafuna kunena zambiri. Ndinkafuna kupepesa za Lachitatu lija, za mchere uja. Koma zimenezo ungaziuze kabati? Ndinatsika pampando n'kugwada pasimenti, nkhope ku khoma, n'kuomba m'manja mothokoza.

"Yewo, adada."

"Yewo, mama," anatero, osadzeranso mwa kabati. Kenako anakwera njinga, yomwe inali yawoyawo, osati ya boma, n'kulowera njira ya ku Magodi.

Kudinana kwa pakhonde kunatha mvula isanagwe. Choyamba chinali chifukwa cha msonkhano, kenako alendo, kenako palibe anakumbutsa. Chaka chotsatira bwana anamutumiza kudziko lina, n'kubwerako ndi nkhani ya maiwe a nsomba, moti dalaivala ndi kalaliki wamkulu anakumba dzenje kuseri kwa ofesi lomwe linangoweta udzudzu. Mwamuna wa madontho uja, ndi kabudula wake wa envelopu, anathera m'dirowa la mnzanga wa mafayilo, akuyalira mtedza. Munthu anachotsedwa ntchito ya moyo wake wonse chifukwa cha chinthu chimene mwini wake anachiiwala m'miyezi iwiri. Mesenjala watsopano ankalowa m'chipinda mwanga osagogoda n'kundiponyera mafayilo pamiyendo.

Chidindo chija chinagwira ntchito, ndipo ndikunena izi mano ali gwa. Tsiku lililonse nthawi ya tiyi ndinkatseka chitseko, n'kuchiika pakhoma kuseri kwa kabati, n'kutsamira. Masiku oyamba ndinkaona nyenyezi, misozi n'kutuluka yokha. Patapita masabata angapo kamfundo kanayamba kufewa, ndipo dzanzi linkachedwa kubwera, nthawi zina osabwera mpaka kuweruka. Sikuti ndinachira, phewa ndi lokhotabe. Koma ndinatayipa zaka zina zinayi, mpaka makompyuta atabwera n'kupeza atsikana a zala zanthete. Pamene ndinkachoka n'kuti mwana wanga wamkulu atamaliza sukulu.

Mwamuna wanga nkhani ya kuchotsedwa kwa adada anaimva kumudzi, ndipo chimene ananena n'chakuti adada ndi ouma mutu kuyambira kale. Ndinamuyang'ana mpaka anatuluka panja.

Pa Khirisimasi ya chaka chimene adada anachotsedwa ntchito tinapita ku Magodi. Ndinawapeza adada atakhala pansi pa nkhokwe akusoka goli la ng'ombe, atavala kabudula wa kaki yemwe uja, wosita. Ndinagwada patali, nkhope ku khola, n'kuuza apongozi aakazi kuti auze adada kuti phewa lija liliko bwino. Adada anauza goli kuti amva, ndipo amama asamawerenge mothamanga, teni ndi teni. Za ntchito sanatchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse, mpaka anamwalira.

Chidindocho ndikadali nacho, chili m'kabati ya mbale, ndipo adzukulu anga amadziwa kuti si choseweretsa. Wina mwa iwo anandifunsa kuti agogo a bambo ake ankaoneka bwanji, popeza chithunzi chawo palibe. Ndinatsegula pakamwa, ine wa pakamwa posatopa, n'kupeza kuti nkhope yawo sindikuidziwa bwino. Ndinamuuza kuti ankavala nsapato zakuda zopolisha ndi masokosi aatali ofika m'maondo, chifukwa ndi zokhazo zimene ndinaziyang'ana zaka zonse zija.